Tenda yapoyera, makoteshoni atatu kapena kampani imodzi: kuyerekeza njira zimene boma limagulira katundu

Boma ndiye wogula wamkulu kuposa wina aliyense m'dziko la Malawi. Limagula mankhwala a m'zipatala, mabuku ndi madesiki a m'sukulu, feteleza, mafuta a galimoto ndi chakudya cha akaidi, ndiponso limalemba makampani omanga misewu, milatho ndi zipinda zophunziriramo. Popeza ndalama zimenezi ndi za misonkho ya anthu onse, mkulu wa boma saloledwa kungoitana mnzake kuti abweretse katundu, koma ayenera kutsata imodzi mwa njira zimene lamulo limalola. Njira zonsezi zimayesa kuyanjanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikutsutsana, zomwe ndi kusunga chinsinsi ndi kuchita zinthu poyera. Maganizo anga ndi akuti chinsinsi chili ndi nthawi yake, pakuti tenda isanatsegulidwe chimateteza wamalonda woona mtima, koma wopambana akangodziwika chimayamba kuteteza wakuba. Choncho poyeza njira iliyonse ndidzafunsa mafunso awiri: chinsinsi chili m'manja mwa yani, ndipo chidzatha liti?

Malamulo a nkhaniyi sanabwere tsiku limodzi. Lamulo la 2003 linakhazikitsa ofesi yoyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, yomwe inkadziwika ndi dzina lakuti ODPP, ndipo lamulo la 2017 linaika bungwe la PPDA m'malo mwake, n'kuwonjezerapo nkhani ya kagulitsidwe ka katundu wa boma amene watha ntchito. Unduna uliwonse, khonsolo iliyonse ndi kampani iliyonse ya boma zimakhala ndi komiti yawo yoona zogula, imene anthu a m'maofesi amangoitchula kuti IPDC, ndipo ntchito ikaposa ndalama zina komitiyo imayenera kupeza chilolezo cha PPDA isanapereke kontirakiti. Lamuloli lakonzedwanso m'zaka zaposachedwapa, ndipo malire a ndalama amasinthidwa kawirikawiri chifukwa cha kugwa mphamvu kwa kwacha, kotero amene akukonza tenda aziwerenga zimene zikugwira ntchito pa nthawiyo. Koma njira zikuluzikulu zogulira ndi zomwezo zimene zimapezekanso ku Zambia ndi m'mayiko ambiri, ndipo ubwino ndi zofooka zake sizisintha ndi chaka.

Tenda yapoyera

Iyi ndiyo njira imene lamulo limaiika patsogolo, ndipo zina zonse zimaloledwa pokhapokha pali chifukwa cholembedwa. Bungwe limalengeza m'nyuzipepala zimene likufuna, aliyense woyenerera amagula kapena kutenga zikalata za tenda, n'kulemba mtengo wake, n'kutseka envelopu. Lamulo la 2017 linapereka masiku osachepera 30 pa mpikisano wa m'dziko muno ndi 45 pa mpikisano umene makampani akunja aitanidwa, kuti pasakhale wina wodziwa nkhani msanga amene wakonzeka kale pamene anzake akungomva kumene.

Amene anafikapo pa mwambo wotsegula matenda ku khonsolo ya boma lina lililonse amadziwa mmene zimakhalira. Bokosi limakhala pakhonde kapena pafupi ndi chipinda cholandirira alendo, lili ndi kampata kolowetsera maenvelopu, ndipo kumene zinthu zimayenda bwino limakhala ndi maloko awiri amene makiyi ake amasungidwa ndi anthu awiri osiyana. Nthawi ikakwana, tinene kuti 2 koloko masana, kampata kaja kamatsekedwa, ndipo munthu amene wafika patapita mphindi zitatu, thukuta lili kamukamu chifukwa minibasi inafera panjira, amabwezedwa ndi envelopu yake yosatsegula. Zimamvetsa chisoni kuona, koma kumulandira kungatsegule khomo lakuti wina azidikira panja, amve mitengo ya anzake pa foni, kenako alowetse yake yotsikirapo. Bokosi limatsegulidwa onse akuona, mlembi amawerenga mokweza dzina la kampani, mtengo wake, kuchotsera kulikonse kumene yalonjeza, ndiponso ngati yaika chikole cha ku banki. Opikisana amakopera ziwerengerozo m'makope awo ndi kusaina m'kaundula. Kuwerenga mokweza kumeneku ndi mtima wa njira yonse, chifukwa mtengo umene anthu makumi awiri amva ndi makutu awo ndi wovuta kuusintha usiku.

Chinsinsi chimayambiranso mwambowo ukatha. Gulu lounika matenda limadzitsekera, aliyense wa iwo amayenera kusaina kuti alibe ubale kapena phindu m'kampani iliyonse imene yapikisana, ndipo saloledwa kuuza munthu wakunja mmene kuunikako kukuyendera kufikira zotsatira zitalengezedwa. Wopikisana amene wayamba kuimbira foni mamembala a gululo akhoza kuchotsedwa pa mpikisano pa chifukwa chokhacho. Gulu likafuna kumvetsa kanthu m'tenda ya wina, limafunsa polemba kalata, ndipo yankho siliyenera kusintha mtengo, kupatula kukonza masamu olakwika monga kuwonkhetsa kolakwika kwa ziwerengero. Lamuloli ndi labwino, ndipo ndimaligwirizana nalo kotheratu, pakuti wounika amene akudziwa kuti nduna kapena wamalonda wamphamvu amva madzulo omwewo zimene wanena sangalankhule momasuka.

Komabe kufooka kwa tenda yapoyera sikuli pa bokosi, kuli pa zimene zimachitika bokosi lisanaikidwe pakhonde. Amene akulemba zofunika pa katundu angathe kuzilemba molingana ndi kampani imodzi yokha. Akhoza kufuna kuti wopereka madesiki 500 akhale atagwirapo ntchito zitatu za ndalama zochuluka kwambiri m'zaka ziwiri zapitazo, pamene akudziwa kuti m'chigawo chonse ndi kampani imodzi imene ili ndi mbiri yotero. Akhoza kulemba miyeso ya makina mochita kukopera m'kabuku ka kampani imodzi, n'kungochotsa dzina. Mwambo wonse udzayenda mwadongosolo, maloko awiri adzatsegulidwa, mitengo idzawerengedwa, koma wopambana anali atasankhidwa kale tsiku limene zikalatazo zinalembedwa. Chitetezo chake n'chakuti opikisana ali ndi ufulu wofunsa mafunso tenda isanatsekedwe, ndipo yankho liyenera kutumizidwa kwa onse amene anatenga zikalata, popanda kutchula amene wafunsa. Amalonda ang'onoang'ono ambiri sagwiritsa ntchito ufulu umenewu poopa kuoneka ovuta, ndipo amadzadandaula nthawi itatha.

Vuto lina limachokera kwa opikisana eni ake. Msonkhano wofotokozera tenda, komanso ulendo wokaona malo a ntchito, zimathandiza kuti onse amve zofanana, koma zimawapatsanso mwayi wodziwana ndi kupangana. Mu 2013 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku South Africa linalipiritsa makampani 15 omanga chindapusa cha ndalama zokwana 1.46 biliyoni za dzikolo chifukwa chogawana matenda, kuphatikizapo a mabwalo a mpira a World Cup ya 2010. Njira yawo inali yosavuta: amene yagwirizanidwa kuti apambane ankauza anzake mtengo wake, anzakewo n'kulemba mitengo yokwererapo kuti mpikisano uoneke ngati weniweni. Ngati zinatheka pakati pa makampani akuluakulu oterowo, n'zosavuta kwambiri m'boma limene makontirakitala onse olembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomanga amadziwana maina ndipo amakumana pa maliro ndi pa maukwati. Kuno kwathu nkhani zotere ndi za bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC, ndipo chizindikiro chimene komiti ingayang'ane ndi makampani omwewo kumapambana mosinthanasinthana, wolephera n'kudzapezeka akugwira gawo la ntchito pansi pa wopambana.

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna kuikhalira pang'ono, chifukwa anthu odziwa ntchitoyi amasiyana maganizo pa iyo. Bungwe lisanaitane matenda limakhala ndi mtengo woyerekezera umene mainjiniya kapena akatswiri ake awerengera. Ambiri amati mtengo umenewu ubisidwe, poopa kuti ukadziwika opikisana onse adzaunjikana pafupi nawo ndipo boma silidzapeza wotchipa. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma imaiwala kuti chinsinsi chimene anthu asanu kapena khumi a mu ofesi akuchidziwa chimasanduka katundu wogulitsa. Amene watsinidwa khutu amalemba mtengo wotsika pang'ono kuposa woyerekezerawo, pamene anzake akuponya mwala mumdima, ena n'kuchotsedwa chifukwa chokweza kwambiri, ena chifukwa chotsitsa mokayikitsa. Kumene opikisana ndi ambiri ndipo sadziwana, ine ndingakonde kuti ndalama zimene zaikidwa pa ntchitoyo zilengezedwe kwa onse, kuti wogulitsa chinsinsi asowe chogulitsa. Kumene opikisana ndi atatu kapena anayi odziwana bwino, kulengeza kungawathandize kupangana, ndipo pamenepo kubisa kuli bwino, koma mtengowo utsekedwe m'envelopu yosainidwa ndi kudzawerengedwa pa tsiku lotsegula, kuti pasakhale wodzausintha pambuyo pake.

Maenvelopu awiri

Pa ntchito zaukatswiri, monga kujambula pulani ya mlatho, kuyang'anira ntchito yomanga kapena kuchita kafukufuku, wotchipa kwambiri si amene amafunika nthawi zonse. Pamenepa opikisana amapereka maenvelopu awiri, ina yofotokoza luso lawo, anthu awo ndi mmene adzagwirire ntchito, ina ya mtengo. Yoyamba imatsegulidwa ndi kupatsidwa mamalikisi pamene yachiwiri ili chitsekere. Amene afika pa malikisi ofunika amaitanidwa kudzaona maenvelopu a mtengo akutsegulidwa, ndipo amene alephera amabwezeredwa awo osatsegula. Pa ntchito zothandizidwa ndi World Bank si zachilendo kuona luso likupatsidwa magawo 80 pa 100 ndipo mtengo 20, kapena 70 ndi 30.

Ubwino wake ndi woonekeratu, pakuti wounika sakopeka ndi mtengo poyeza luso. Koma poyerekeza ndi tenda ya envelopu imodzi, njirayi imaika mphamvu zambiri m'manja mwa ounika, chifukwa mamalikisi a luso amadalira maganizo a munthu. Kupatsa kampani ina 88 ndi ina 74 pa kafotokozedwe ka ntchito n'kokwanira kuthetsa mpikisano mtengo usanaoneke n'komwe. Maenvelopu a mtengo nawonso amagona mu ofesi kwa masabata angapo, ndipo envelopu imene ingatsegulidwe ndi kumatidwanso imafuna kuti onse opezeka pa mwambo woyamba asaine pomatira pake. Njirayi imakhala yachilungamo ngati kagawidwe ka malikisi kalembedwa mwatsatanetsatane m'zikalata za tenda, ngati wounika aliyense apereka malikisi ake payekha asanakambirane ndi anzake, ndiponso ngati malikisi a luso awerengedwa poyera envelopu ya mtengo isanang'ambidwe. Pogula simenti kapena mapepala njirayi ndi yongotaya nthawi.

Kuitana makampani ochepa

Lamulo limalolanso kuitana makampani osankhidwa okha, ngati katunduyo amapezeka kwa ochepa kapena ngati kuunika matenda ochuluka kungadye ndalama zoposa phindu lake. Maenvelopu amatsekedwa ndi kutsegulidwa monga pa tenda yapoyera, koma chilungamo chonse chimatsamira pa funso limodzi, lakuti mndandanda wa oitanidwa waulemba ndani, ndipo pa zifukwa ziti. Ngati mndandandawo wachokera pa mpikisano wapoyera woyeza makampani oyenerera, njirayi ndi yabwino ndipo imachepetsa ntchito. Ngati wachokera m'mutu mwa munthu mmodzi, amene sanaitanidwe sadziwa n'komwe kuti panali ntchito, choncho sangadandaule.

Makoteshoni atatu

Anthu ambiri amayang'ana makontirakiti a mabiliyoni, koma njira imene imagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'masukulu, m'zipatala za m'maboma ndi m'makhonsolo ndi ya makoteshoni. Bungwe limapempha mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu, limasankha wotchipa amene wakwaniritsa zofunika, n'kumulembera chikalata choitanitsira katundu chotchedwa LPO. Ndi njira yachangu, yosafuna chikole cha ku banki kapena mulu wa zikalata, ndipo kwa mayi wosoka mayunifolomu kapena gulu la achinyamata opala matabwa ndilo khomo loyamba lochitira malonda ndi boma. Pa zinthu zazing'ono zimene mitengo yake imadziwika pamsika, palibe njira ina yoposa iyi.

Koma pa nkhani ya chinsinsi, iyi ndiyo yofooka kuposa zonse za mpikisano. Kawirikawiri makoteshoni amafika m'manja mwa munthu mmodzi, osamata, pa masiku osiyana, ndipo amene walandira awiri oyamba angathe kuuza wachitatu mtengo woti alembe. Choipa kwambiri n'chakuti makoteshoni onse atatu akhoza kuchokera m'chikwama chimodzi. Owerengera ndalama za boma amadziwa zizindikiro zake: mapepala atatu a makampani a maina osiyana, koma olembedwa ndi kalembedwe kamodzi ka pa kompyuta, liwu limodzi lolakwika mofanana pa onse atatu, manambala a foni otsatizana, bokosi la positi limodzi, ndipo mitengo iwiri yokwerayo ikusiyana ndi yopambana ndi gawo lofanana ndendende pa chinthu chilichonse. Pa pepala mpikisano unachitika, koma wogulitsa anali mmodzi. Chinyengo china ndi kudula ntchito imodzi yaikulu m'zidutswa kuti chilichonse chikhale pansi pa malire a makoteshoni, monga kugula malata a sukulu imodzi kanayi m'mwezi umodzi. Lamulo limaletsa zimenezi, koma zimaoneka pokhapokha wina ataika ma LPO onse a mweziwo pamodzi n'kuwayang'ana.

Mankhwala ake safuna ndalama. Makoteshoni azilowa m'bokosi ali omata, azitsegulidwa nthawi imodzi pamaso pa anthu osachepera atatu, pempho la mitengo lizimatidwa pa bolodi la zidziwitso kuti amene sanaitanidwe athe kuperekanso wake, ndipo oitanidwa azisinthidwa m'malo momangoitana omwewo chaka chonse. Komiti ya sukulu kapena ya chitukuko cha m'dera ikhoza kufunsa zinthu zinayi zimenezi popanda kudziwa ndime iliyonse ya lamulo.

Kugula kwa kampani imodzi

Pali nthawi zimene mpikisano sutheka. Makina a m'chipatala akawonongeka ndipo zipangizo zake zimapangidwa ndi kampani imodzi, kapena madzi osefukira akakokolola mlatho monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, palibe wanzeru amene angadikire masiku 30. Lamulo limazindikira zimenezi, n'chifukwa chake limalola kugula kwa mmodzi, ndipo la 2017 linawonjezera kuti kugula kotere, pamodzi ndi makontirakiti a ndalama zambiri, kuziunikidwa ndi bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. M'njira imeneyi mulibe opikisana oti atetezedwe, choncho chinsinsi chilibe ntchito yabwino imene chikugwira. Apa ndi pamene ndikuona kuti zonse ziyenera kukhala poyera kuyambira tsiku loyamba: chifukwa chosankhira njirayi, dzina la kampani, eni ake, mtengo ndi umboni wakuti mtengowo ukufanana ndi wa pamsika.

Mbiri yathu yaposachedwa ikusonyeza chifukwa chake. Kafukufuku wa mkulu wowerengera ndalama za boma pa K6.2 biliyoni yolimbana ndi Covid-19, amene anatuluka mu 2021, anapeza kuti pakati pa zolakwika zina panali kugula katundu mosatsata ndondomeko, ndipo mliriwo unali chifukwa chokonzeka kale kwa aliyense wofuna kudumpha malamulo. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipiridwiratu pofuna kugula feteleza wa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP kudzera ku Barkaat Foods Limited, kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, ndipo nkhaniyo inachititsa kuti nduna ya zaulimi ichotsedwe mu Okutobala chaka chomwecho. Dzina la kampaniyo likanalengezedwa ndalama zisanatuluke, munthu aliyense wokhala ndi foni ya intaneti akanaona m'mphindi zochepa kuti si kampani ya feteleza. Ndiyeneranso kunena kuti mvula imagwa nyengo yomweyo chaka chilichonse, kotero feteleza sangakhale chinthu chadzidzidzi, ndipo changu chimene chabwera chifukwa chochedwa kukonzekera sichiyenera kulandiridwa ngati chifukwa chothawira mpikisano.

Zogula za asilikali ndi apolisi zili ndi vuto lakelake, chifukwa kumeneko chinsinsi chimakhala ndi chifukwa chomveka cha chitetezo cha dziko. Koma mu Juni 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anafotokozera mtundu za lipoti la ACB lokhudza makontirakiti a nthambi ziwirizi, a ndalama zoposa madola 150 miliyoni, operekedwa kwa makampani a munthu mmodzi pakati pa 2017 ndi 2021. Kulakwa kapena kusalakwa kwa anthu otchulidwa ndi nkhani ya makhoti, koma phunziro pa kagulidwe ndi loonekeratu. Mtundu wa zida ukhoza kubisidwa, koma chakudya, nsapato ndi mayunifolomu si zinsinsi za nkhondo, ndipo zikhoza kugulidwa poyera monga mmene sukulu yogonera komweko imagulira nyemba.

Tenda ya pa intaneti

Njira yatsopano, imene bungwe la PPDA lakhala likuyambitsa kudzera mu ndondomeko ya pa intaneti yotchedwa MANEPS, imasamutsa bokosi lija kupita pa kompyuta. Wopikisana amatumiza tenda yake pa intaneti, makina amaitseka mwakuti ngakhale wogwira ntchito m'bungwe logula sangaione nthawi isanakwane, ndipo chilichonse chochitika chimasiya chizindikiro cha amene anachita ndi nthawi yake. Wamalonda wa ku Chitipa kapena ku Nsanje safunikanso kukwera basi kupita ku Lilongwe kukaponya envelopu. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha dziko la Ukraine, limene mu 2016 linalamula kuti mabungwe a boma azigula kudzera mu ndondomeko yotere yotchedwa ProZorro. Kumeneko opikisana amatsitsa mitengo m'magawo atatu osadziwa maina a anzawo, ndipo mpikisano ukangotha zikalata zonse, za opambana ndi olephera omwe, zimaonekera kwa aliyense. Imeneyi ndiyo njira imene yaika chinsinsi ndi kuonekera m'malo ake enieni kuposa zonse zimene ndatchula.

Komabe kompyuta si mlonda wosagona. Cashgate ya 2013, imene akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti inawonongetsa ndalama zoposa K13 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, inachitikira m'makina owerengetsera ndalama za boma a IFMIS, momwe makampani ankalipidwa popanda kupereka katundu aliyense ndipo zolembedwa zina zinkafufutidwa. Amene ali ndi makiyi a makina ali ndi mphamvu imene wosunga kiyi wa bokosi analibe. Makina sangaletsenso zofunika zolembedwa mokondera kampani imodzi, ndipo m'dziko limene magetsi amazima ndi intaneti ndi yodula, wamalonda wamng'ono angatsekeredwe kunja ngati palibe malo omuthandiza kutumiza tenda yake. Kupikisana potsitsa mitengo kumayenera pa katundu wofanana monga mafuta, mapepala ndi simenti, koma pa ntchito zomanga kungachititse kontirakitala kutsitsa mopyola muyeso, n'kudzasiya nyumba ili pa windo.

Chilungamo cha mtundu wina

Kuchitira onse mofanana sikuthetsa funso lonse, chifukwa kampani yaikulu yakunja yokhala ndi ngongole yotchipa ndi kampani yaing'ono ya ku Mzimba siziyambira pamalo amodzi. Lamulo la 2017 linanena kuti pa mpikisano wa m'dziko muno magawo 60 pa 100 aziperekedwa kwa Amalawi akuda eni dziko, ndipo mu 2020 boma linatulutsa lamulo lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kupeza gawo pa zogula za boma. Ena amaona izi ngati kukondera, koma kukondera kumene kwalembedwa m'zikalata za tenda, kumene aliyense akukudziwa asanalembe mtengo, n'kosiyana ndi kumene kumachitika mwamseri m'chipinda chounikira. Chimene chimaipitsa cholinga chabwinochi ndi kubwereka dzina, pamene Mmalawi amaoneka pa zikalata ngati mwini kampani koma ndalama ndi phindu ndi za wina. Pamenepa chinsinsi cha umwini wa kampani ndicho chimapha chilungamo, ndipo ndikuona kuti palibe kampani imene iyenera kulandira ndalama za boma, kaya ndi kudzera m'njira iti, eni ake enieni asanalembedwe poyera.

Pa ntchito zazikulu, lamulo la 2017 linafuna kuti bungwe lilengeze m'nyuzipepala kampani imene likufuna kuipatsa ntchito, n'kudikira masiku 14 lisanasaine kontirakiti. Masiku amenewa ndi a wolephera. Ali ndi ufulu wofunsa polemba kalata chifukwa chimene tenda yake yakanidwira, ndipo ngati sakhutira angadandaule kwa mkulu wa bungwelo kapena ku PPDA, kenako ku khoti. Sangapatsidwe zikalata za mnzake zosonyeza kumene amagula katundu wake, phindu limene amaikapo kapena luso lake lapadera, pakuti zimenezo ndi zinsinsi za malonda zimene zimayenera kusungidwa ngakhale mpikisano utatha. Koma dzina la wopambana, mtengo wonse, nthawi yomalizira ntchito ndi zifukwa zosankhira si zinsinsi za munthu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limalola mtolankhani, mfumu kapena kholo la mwana wa sukulu kufunsa zinthu zimenezi ku khonsolo.

Gawo limene limaiwalika kwambiri ndi la kusintha kontirakiti ikasainidwa. Kampani ikhoza kupambana mwachilungamo pa mwambo wapoyera ndi mtengo wotsika, kenako patapita miyezi ingapo n'kupempha ndalama zowonjezera chifukwa cha ntchito imene akuti sinaonekere poyamba. Nthawi zina pempholo ndi loona, makamaka kwacha ikagwa mphamvu monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100. Koma ngati zowonjezerazo zikweza mtengo kuposa wa amene anali wachiwiri, ndiye kuti mpikisano uja unalibe tanthauzo, ndipo zimenezi zimachitika olephera atabalalika kale. Choncho bungwe limene lalengeza wopambana liyeneranso kulengeza kusintha kulikonse kwa mtengo ndi kwa nthawi, pamodzi ndi ndalama zonse zimene zalipidwa ntchito ikatha, pa bolodi lomwelo ndi m'nyuzipepala yomweyo imene linaitanira matenda.